Mabowo Amene Harun Anamata

Harun anaweruka mochedwa pa tsiku lomwe sankayenera kuchedwa ngakhale pang'ono.

Anali mnyamata wa ku Biwi, wongolemba kumene mayeso a Fomu Folo. Podikira zotsatira anapeza ganyu yomanga ku paki ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Kumapeto kwa pakiyo kunali chinyumba chakale cha njerwa zofiira, cha makoma okhuthala ngati a ndende. Anthu amati chinamangidwa nthawi ya atsamunda kuti asilikali azisungiramo mfuti ndi zipolopolo. Asilikali atachoka, munalowa mileme ndi chiswe. Tsopano oyang'anira paki anaganiza zochikonza kuti muzikhala makasu, masilasha, mawilibala ndi makina otchetchera kapinga. Harun nkhaniyi inkamuwawa. Nyumba yomwe munkagunda mabuti a asilikali, lero muzigona wilibala! Iye akanakonda mukanakhala malo oti anthu okondana aziusiramo mvula. Koma maganizo a munthu waganyu amafunsa ndani?

Tsiku limenelo simenti inafika dzuwa litapendeka. A Peterson, kapitawo, anagawa makoma mokalipa.

"Mawa m'mawa kukubwera mabwana kudzaona. Aliyense achoka pano khoma lake litatha. Iwe Harun wandakatulo, chipinda chakumapeto n'chako. Koma mabowo a pamwambawo usawatseke, uwazungulire bwinobwino. Eni ake akufuna aoneke mmene analili kale."

Mabowowo anali ang'onoang'ono, opyapyala, ondandalikana m'munsi mwa denga, oti dzanja lokha ndilo lingalowe. Kuzunguliza pulasitala pa kabowo kotero ndi ntchito yodya nthawi. Uike kathabwa, usalaze m'mbali, udikire kuti igwire, uchotse kathabwa, upite pa kena. Ndipo nthawi ndi imene Harun analibe.

Chifukwa chake chinali Hafsah.

Hafsah wa kuseri kwa mzikiti, mtsikana woti akakuyang'ana umaiwala chomwe akutuma amayi ako. Amalume ake anali atabwera kuchokera ku Mangochi kudzamutenga pa basi ya m'bandakucha, pakuti kumudziko mwamuna wina wa ku Joni anali atatumiza kale mawu ofuna kumukwatira. Masana Hafsah anaimba foni, akunong'ona.

"Harun, ndakatulo zako ndamva zokwanira. Amalume akuti ngati pali munthu, aone nkhope yake asanagone. Ukabwera usiku uno, ndikhala ndi pokanira. Ukapanda kubwera, ndidziwa kuti chikondi chako n'cha pa foni basi."

Mawu amenewo anatandala m'mutu mwa Harun ngati njuchi yolowa m'botolo. Anzake anamaliza makoma awo, anasamba m'manja, anapita. A Peterson nawo anakwera njinga yawo. Mdima unagwa, chisanu cha mu Julayi chinakwera kuchokera ku mtsinje. Harun anatsala yekha pa makwerero, kababu ka sola kali lendee pa msomali, mabowo aja akumuyang'ana ngati maso a anthu omuseka.

Anamva adhana yoitanira anthu ku mapemphero a usiku ikuchokera kutali, cha ku Old Town. Mtima unamuphulika.

Anatsika, anatola mapepala a matumba a simenti, anawapindapinda n'kuwakanikiza m'mabowo monse. Kenako anamatapo pulasitala, phwa! phwa! n'kusalaza. Khoma linangoti see, ngati tsaya la mwana. A Peterson akalipa mawa, inde. Koma mawa ndi mawa. Anazimitsa kababu n'kutuluka.

Pakhonde anakumana ndi a Flywell, mlonda wa usiku, bambo wachikulire wa ku Dowa, atanyamula mbaula ya makala ofiira psuu.

"Mkamwini wa mawa! Wamaliza? Thamanga, mbalame ingauluke."

"Musandichedwetse, madala."

"Ine lero ndigona m'chipinda wamatachi ngati bwana. Chitseko chatsopano, magalasi atsopano, siling'i yatsopano. Mphepo ilira lero, isowa polowera. Koma ukasambe kaye iwe, ungakaoneke ngati wagwa m'chigayo."

Harun anangoseka ndi mano okha. Anapukuta nkhope ndi malaya a ntchito, anavala shati yoyera yomwe anabwera nayo m'jumbo, n'kuliyatsa liwiro la kugeti.

Pa msewu panalibe minibasi. Panalibe kanthu koma fumbi ndi agalu. Anaima akupondaponda, akuyeseza mumtima mawu okanena kwa amalume aja. Assalam alaikum, amalume. Ine ndine Harun. Ndilibe galimoto, ndilibe Joni, koma... Ayi, asayambe ndi zomwe alibe. Ndiye ayambe ndi chiyani? Chomwe anali nacho chinali mtima, ndipo mtima suoneka pa mkeka.

Kuwala kwa njinga yamoto kunatulukira. Kabaza! Harun anadumphira pakati pa msewu akukupiza manja.

"Biwi, aise! Mwachangu!"

Wakabazayo anaima, anakweza galasi la chipewa chake. Sanayang'ane Harun. Anayang'ana kumbuyo kwa Harun.

"Awiri sindinyamula usiku."

"Awiri ati? Ndili ndekha ine."

Wakabaza anatsitsa galasi la chipewa chake. Anangotembenuza njinga, vuuu! Katochi kofiira ka kumbuyo kanazimirira mu fumbi.

Harun anacheuka. Geti ya paki. Mitengo ya bulugama. Palibe munthu.

"Chamba," anatero mokweza, kuti adzimve yekha mawu. "Anthu a chamba awa."

Panatsala njira yachidule: kutsika ndi mpanda wa paki, kuwoloka kamlatho ka matabwa pa khwawa, kudutsa m'madimba, n'kukatulukira kuseri kwa magalaji a ku Biwi. Masana ankadutsamo osaganiza kawiri. Usiku anthu ankaizemba. Koma amalume a Hafsah sakanadikira munthu woopa mdima.

Anatsika. Udzu unali wonyowa ndi mame, ukunyambita buluku lake. Chifunga chinali chitagona m'khwawa ngati thonje. Foni inanjenjemera m'thumba. Hafsah: Uli pati? Amalume akumwa tiyi. Harun anayankha akuyenda: Ndafika kale, mtima wanga. Bodza la chikondi silowerengera.

Ali pafupi ndi kamlatho, anamva fungo.

Fungo la makala. Utsi wa mbaula, wolemera, wotsekemera pang'ono. Kuno kumadimba, usiku uno, akuotha moto ndani?

Kenako anamva mapazi kumbuyo kwake. Gu... gu... gu... Mabuti olemera, oponda mwa muyeso, osafulumira. Harun anaima. Mapazi anaima. Anayamba kuyenda. Gu... gu...

Sanacheuke. Anakumbukira wakabaza uja, tsitsi linamuimirira. Anakwera pa kamlatho, matabwa akulira kweche kweche, maso ali pansi. Atakweza mutu...

Munthu!

Anali ataima kutsidya, pothera matabwa, pomwe Harun ankayenera kudutsa. Bambo wamtali, wowongoka ngati mtengo wa magetsi. Chikhoti chachitali cha khaki, chong'ambika pa phewa. Wenzulo ili lende pa chingwe cha m'khosi. Dzanja lamanja linali pa chifuwa, ndipo linalibe chala chamkombaphala.

Koma chomwe chinamuopsa Harun kwambiri kunali kupuma kwake. Ankakoka mpweya ngati sowo yocheka thabwa louma. Hiii... haaa... hiii...

Harun anaima pakati pa matabwa. Mwina ndi mlonda wa m'madimba. Mwina ndi wodwala chifuwa.

"Assalam alaikum, abambo. Ndidutse nawo."

"Wa alaikum salaam." Mawuwo anatuluka pang'onopang'ono, ngati akuchokera pansi pa chitsime. "Wamata ndani?"

"Pepani, abambo?"

"Nyumba nayo ili ndi mphuno, mwana iwe. Wamata ndani?"

Harun thukuta linamutuluka m'chisanu chomwecho. Ndiye kuti bambo ameneyu anamuona. Mwina ndi kazitape wa a Peterson. Mantha anasanduka mkwiyo, mkwiyo wa munthu amene tsiku lonse lakhala likumukola miyendo. Simenti yochedwa, mabowo, kabaza, tsopano nkhalamba iyi!

"Abambo, za ntchito tikambirana mawa. Ndikawatsegula mawa. Panopa akundidikira anthu, chonde ndipatseni njira."

"Mawa..." Bamboyo anapukusa mutu. Hiii... haaa... "Inenso ndinati mawa."

Anapatuka. Anangosuntha phazi limodzi, mwa chisilikali, n'kusiya njira.

Harun anadutsa chammbali, mapewa atakwinya. Podutsa, utsi wa makala unamumenya m'mphuno, koma chikhoticho chinamukhudza pa mkono, chozizira ngati chitsulo cha m'mawa. Sanadikire. Anathamanga.

Madimba. Mizere ya mpiru ndi kabichi. Patsogolo, pamwamba pa chitunda, magetsi a ku Biwi anali kuthwanima. Ankatha kuona ngakhale babu lobiriwira la pa mzikiti. Kuseri kwa babu limenelo kunali khomo la buluu, mkeka, amalume ndi kapu ya tiyi, ndi Hafsah akusuzumira pa katani. Pafupi! Pafupi zedi!

Mutu unayamba kumuwawa.

Poyamba pang'ono, cha m'mbali. Kenako ngati wina akumanga waya kuzungulira chipumi. Miyendo inalemera. Anakoka mpweya, mpweya sunabwere. Anakokanso. Chifuwa chinangoti gwa, ngati wina wachimata simenti.

Anayenda. Anadzandira. Magetsi aja anayamba kusambira m'maso mwake.

Tulo... Tulo tokoma, tofunda, tinamukwera kuchokera ku mapazi. Kungogona pang'ono pa mzere wa mpiruwu. Pang'ono chabe...

Ayi! Hafsah!

Anaponya phazi lina. Anagwada. Kukhosi kunalira.

Hiii... haaa...

Anali iyeyo. Kupuma kuja tsopano kunkatuluka m'kamwa mwake!

Anagwa chagada, mutu unatembenukira komwe anachokera. Pomwepo kampweya kanalowa, kozizira, kochepa ngati ka mu udzu womwera. Anakwawira chakumbuyo. Mpweya unawonjezereka. Anatembenukiranso ku Biwi. Gwa! Chifuwa chinatsekeka.

Harun analira. Analira ngati mwana, akumenya dothi ndi chibakera.

"Mukundifuna chiyani? Ndakulakwirani chiyani? Usiku umodzi wokha! Umodzi!"

Gu... gu... gu...

Mabuti anaima pafupi ndi khutu lake. Sanayerekeze kuyang'ana m'mwamba.

"Muli munthu m'menemo," anatero mawu aja. "Dzuka."

Munthu. M'menemo.

Mbaula ya makala ofiira. Chitseko chatsopano. Magalasi atsopano. Mphepo isowa polowera...

A Flywell!

Wenzulo inalira, pyeee! Inang'amba chifunga, agalu a m'madimba onse anayamba kuuwa.

"Abauti teni! Thamanga!"

Harun sanadziwe kuti anaimirira bwanji. Anangozindikira ali pa kamlatho, matabwa akugunda pansi pa mapazi ake, mpweya ukulowa wambiri m'chifuwa. Foni inanjenjemera m'thumba. Inanjenjemeranso. Sanaigwire. Kumbuyo kwake mabuti aja ankabwera, tsopano mothamanga, gugugugu, ngati sajeni wopirikitsa msilikali waulesi. Minga inang'amba shati yoyera ija. Anakwera chitunda, anadumpha geti.

Chinyumba chija chinali zii.

"A Flywell! Madala!"

Anamenya chitseko chachitsulo ndi manja awiri. Chokhoma m'kati. Anaunika ndi foni pa windo. Mbaula inali pakati pa chipinda, makala akuyaka mwakachetechete. A Flywell anali chigonere pa katoni, kukamwa kuli yasa, dzanja litagwera pansi.

"Madala! Dzukani!"

Osagwedezeka.

Harun anatola njerwa. Galasi latsopano, loikidwa dzulo, loti mabwana adzalione mawa... Phwaa! Analowetsa mkono pakati pa zitsulo za windo, magalasi akumucheka, anafufuza mpaka anagwira loko wa chitseko. Chinatseguka. Mpweya wotentha, wolemera, unamuwomba kumaso. Anagwira mphuno, analowa, anakoka a Flywell ndi miyendo mpaka pa kapinga. Anabwerera, anakankhira mbaula panja ndi shovelo. Kenako anakwera makwerero ndi nyundo, n'kuyamba kuswa khoma lake lomwe, lija losalala ngati tsaya la mwana. Bowo ndi bowo, akusolola mapepala a simenti, akutukwana, akulira.

Atatsika anathira a Flywell madzi a mu diramu. Anawagwedeza. Anawaitana maina onse, ngakhale achipongwe. Anapemphera mapemphero onse omwe ankawadziwa.

Patapita nthawi yomwe Harun anaiona ngati chaka, bamboyo anatsokomola. Anatembenuka, anasanza, anabuula.

"Mutu wanga... Mayo ine... Wandimenya ndani?"

Harun anakhala pansi pa udzu wonyowa. Magazi ankatsika pa mkono n'kudontha pa shati ija, yomwe tsopano inali ya dothi, simenti ndi makala. Apa m'pamene anatulutsa foni.

Hafsah anali ataimba kambirimbiri. Pansi pake panali mawu ochepa. Amalume agona. Ndinawauza kuti wafika kale, anadikira mpaka tiyi anazizira. Wandichititsa manyazi, Harun. Usavutikenso.

Anaimba. Foni inali yozimitsa. Anaimbanso. Anaimbanso, ngati kuti kuimba kwambiri kungayatse foni ya munthu. Kenako anaiponya pa udzu n'kubisa nkhope m'mawondo. Akanamuuza chiyani? Kuti anagwidwa ndi nkhalamba ya pa kamlatho? Hafsah akanati ndi ndakatulo ina.

A Flywell anadzuka pang'onopang'ono n'kutsamira khoma. Anayang'ana galasi losweka, mbaula yogudubuzika, zibuma za pulasitala ndi mapepala a simenti ali mbwee. Anayang'ana m'mwamba, ku mabowo. Anamvetsa. Sanakalipe. Anangopukusa mutu nthawi yaitali.

"Unamata mabowo, mwana iwe."

"Ndimafulumira, madala. Ndimati nditsegula mawa."

"Ine osayang'ana n'komwe. Mabowo amenewo palibe amene amawakhudza, aliyense wa pano amadziwa." Anatsokomola. "Nanga unakumbukira bwanji? Munthu wothamangira mkazi sabwerera."

"Sindinakumbukire. Anandibweza mnzanu uja."

"Mnzanga uti?"

"Mlonda wa kumadimba. Wamtali, wa chikhoti cha khaki. Wa wenzulo m'khosi."

A Flywell anasiya kutsokomola.

"Kumadimba kulibe mlonda."

"Alipo, madala. Wodwala chifuwa. Dzanja lake lamanja lilibe chala ichi." Harun anakweza chala chake chamkombaphala.

Bamboyo anagwira mkono wa Harun, pomwe panali bala pomwepo, mwamphamvu.

"Chikhoticho... chong'ambika pa phewa?"

"Eya."

"Yesu wanga." Anayang'ana ku geti, kenako ku mdima wa ku khwawa. Mawu anawatsitsa. "Amenewo ndi a Sajeni Bwanali. Anali msilikali, chala anachisiya ku nkhondo. Atapuma usilikali anadzakhala mlonda wa nyumba ino, ine ndili wotchetcha udzu, ndevu zisanachite imvi. Chaka china kunazizira ngati lero. Anatseka mabowo aja ndi masanza, analowetsa mbaula."

"Ndiye... anachira?"

"Ndinawapeza ndine m'mawa. Anali atakwawa mpaka pa chitseko, dzanja lili pa loko. Chikhoticho chinang'ambika pamene tinkawakoka." A Flywell anayang'ana chitsekocho. "Tinakawaika ku manda a Asilamu tsiku lomwelo. Iwe usanabadwe, Harun."

Harun anayang'ana mkono wake, pomwe chikhoti chija chinamukhudza. Panali pozizirabe.

Kutali, pamwamba pa chitunda, magetsi a ku Biwi anali kuthwanimabe. Njira inali yomweyo, yotseguka, yopanda womuletsa. Akanatha kupita kukagogoda pa khomo la buluu, kukagwada, kukadikira basi ya m'bandakucha. Anauza miyendo yake kuti iimirire. Miyendo inakana. Njira ya ku Biwi inkadutsa pa kamlatho.

Anakhala chomwecho awiriwo, msana ku khoma. Mphepo inali itaima. Ngakhale tsamba la bulugama silinkagwedezeka.

Ndipo pamwamba pa mitu yawo, m'mabowo omwe Harun anatsegula, munatuluka phokoso. Lalitali, lodekha, la munthu amene wakhala nthawi yaitali akudikira kuti apume.

Haaaaa...